Mphepo ndi ya ku Wimbe, kanema ndi wa ku London

Mzungu wina amene tinakhala naye mpando umodzi m'basi ya ku Kasungu anandiuza kuti Malawi anamudziwira m'kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind. Akuti chinamukhudza mtima n'choti mnyamatayo analimba chiwindi n'kutsutsana ndi bambo ake. Ndinangogwedeza mutu. Mkuluyu anaonera kakulidwe ka ana a kwawo, kungoti anakaveka zovala zathu.

Kanemayu anatuluka pa Netflix mu 2019, kuchokera m'buku limene William Kamkwamba analemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera kanemayu, tisamulakwire. Akanafuna akanakajambulira ku South Africa kumene zipangizo zili mbwee, koma anabwera kwawo kwa William ku Wimbe komweko, n'kuphunzira Chichewa kuti asewere ngati a Trywell, bambo ake a William. Chichewa chakecho ndiye chinatiseketsa mpaka nthiti kuwawa. Wosewera ngati William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, mayi ake ndi Aïssa Maïga wa ku France, ndipo mfumu Wimbe ndi Joseph Marcell, wantchito wa m'nyumba uja wa mu The Fresh Prince of Bel-Air. Khutu limapumako Lily Banda, Mmalawi mnzathu, akayamba kuyankhula. Pamapeto pake dziko la Britain ndilo linatumiza kanemayu ku mpikisano wa Oscar. Chilankhulo chathu, njala yathu ya 2001 ndi 2002, koma mbendera yawo.

Zimenezo ndikhoza kukhululuka. Chimene chimandikwana ndi nkhani ya kukula. Makanema a azungu onena za mwana amene akukula njira yake ndi imodzi: akangane ndi kholo, amenyetse chitseko, anyamule chikwama. Kuti William akwane m'chikombole chimenechi, nkhani yopempha njinga ya bambo ake kuti apangire makina amphepo anaikulitsa mpaka kusanduka nkhondo ya pakhomo. Makina ake amphepo nawo anawapatsa ntchito yopopa madzi n'kupulumutsa mudzi pa njala, chonsecho oyambawo ankangoyatsa mababu ndi wailesi m'nyumba. Zopopa madzi zinadza pambuyo, atakayankhula kale ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007.

Kwathu kuno mwana sadzilengeza yekha kuti wakula, amamulengeza ndi anthu. Mnyamata amazindikira tsiku limene adzukulu amudzutsa mbandakucha kuti atenge khasu, akathandize kukumba manda. Ali m'dzenjemo thukuta lili kamukamu, wina amamupatsira chikho cha thobwa osamutchulanso kuti mwana. Amazindikira akachoka m'nyumba ya makolo n'kukagona kugowelo, akamaliza ndime yake kumunda popanda womukalipira, amalume akatembenuka pokambirana za banja n'kufunsa kuti, "Nanga inu mukuti bwanji?" Mtsikana amalangizidwa ndi anamkungwi, mnyamata wa Chichewa amakalowa gule. Gule wamkuluyo m'kanemamu alimo ndithu, koma amangodutsa ngati chokongoletsa, pamene kwa eni ake ndi sukulu yeniyeni ya kukula.

William weniweniyo mphepo sanaikole yekha. Buku la Using Energy analipeza m'laibulale ya pasukulu ya pulayimale, sukulu ya sekondale itamukanika chifukwa cha fizi. Dayinamo anamugulira mnzake Gilbert, mwana wa mfumu. Geoffrey, mbale wake, anali naye podula mitengo ya bulugamu n'kuimika nsanja. Bambo ake, atazengereza, njinga ija anaipereka. Zonsezi ndi za mudzi umene unkalera mwana wake uku ukumuseka, monga timachitira.

Ndipo kumuseka anamusekadi. Ankamunena kuti wapenga pomuona akutolera zitsulo zadzimbiri kudzala, ena mpaka ankati akusuta chamba. Babu litayaka, anthu omwewo ndi amene ankabwera pakhomo la a Kamkwamba m'mudzi wa Masitala, foni m'manja, kudzapempha kutchaja.