Mapointi 9 sokwanira kukhala pa koleji

Mwana akakhoza MSCE ndi mapointi 9, pamudzi timaona ngati digiri wainyamula kale. Koma akafika ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu, ena mwa ana anzeruwa amayamba kulemba sapu (mayeso obwereza) chaka choyamba chomwecho. Chimawagwetsa n'chiyani?

Mu 1990, Peter Salovey ndi John Mayer, akatswiri a kaganizidwe ka munthu a ku America, analemba za nzeru ya mtundu wina, yodziwa za mumtima: kuzindikira zimene mtima wako ukumva, kuona pankhope pa mnzako kuti zinthu sizili bwino, kumvetsa chimene chakupsetsa mtima, ndi kutha kuugwira mtimawo. Buku la Daniel Goleman la mu 1995 ndi limene linawanditsa nkhaniyi, ngakhale ine ndimaona kuti linaikokomeza.

Palinso khalidwe la munthu, limene akatswiri amaligawa pasanu: kukonda zatsopano, khama ndi dongosolo, kumasuka pagulu, kugwirizana ndi anthu, ndi kuda nkhawa msanga. Pa zisanuzi, khama ndi dongosolo ndi zimene zimayendera limodzi kwambiri ndi malikisi. Carolyn MacCann wa ku University of Sydney ndi anzake ataphatikiza kafukufuku wokhudza ophunzira oposa 42,000 a m'maiko 27, anapeza kuti kudziwa za mumtima kumabwera pachitatu, pambuyo pa nzeru za m'mutu ndi khama.

Taganizirani ophunzira awiri amene alakwa mayeso a pakati pa semesita. Wina sanalakwepo mayeso chibadwire. Manyazi amugwira, ayamba kujomba, aphunzitsi akuwazemba, kunyumba akungoti "zili bwino". Winayo zamupwetekanso, koma akudziwa kuti chimene akumvacho ndi manyazi, osati umbuli. Agona, m'mawa atenga pepala lake kukafunsa pamene walakwitsa. Woyambayo ndi amene amandidetsa nkhawa, chifukwa kusukulu tinamuphunzitsa kupambana kokha.

Makolo asasokoneze luso lodziwa za mumtimali ndi kulongolola. Mwana wofatsa, wosakonda gulu, angathe kumva za mumtima mwa anzake kuposa wolankhulalankhula. Ndipo pamene khalidwe limasintha pang'onopang'ono, kuugwira mtima kumaphunzirika.

Chimene sindingavomere n'kunena wophunzira amene wagona ndi njala, landilodi akugogoda pakhomo, kuti sadziwa kuugwira mtima. Ameneyo akufunika ndalama ya chakudya ndi ya lendi kaye, uphungu pambuyo.