Kusankha Mitengo ya pa Bwalo Losewerera Ana

Posankha mtengo wa m'munda timaganiza za chimanga. Koma posankha wa pabwalo losewerera ana, kaya kutchalitchi kaya pakhomo, tiyenera kuganiza za pakamwa, maso ndi mapazi a mwana. Mtengo wothandiza kumunda sikuti ndi wabwinonso pabwalo.

Taonani msangu. Umayoyola masamba m'dzinja ndi kubwezera chonde m'nthaka, koma uli ndi minga, pamene ana athu ambiri amasewera opanda nsapato. Nkhadzi, imene ambiri kuno ku Chipata timatchingira madimba, ili ndi utomoni woyera umene umawotcha koopsa ukalowa m'diso. Njere za nsatsi ndi za jatropha zimakopa ana, koma zili ndi poizoni: mwana akatafuna zochepa chabe amasanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo za nsatsi zimatha kupha. Chitedze nachonso tizichizula chisanabereke.

Nanga tibzale chiyani? Mango amapereka mthunzi wokwanira mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo. Gwafa ali ndi nthambi zolimba ndiponso zam'munsi, zoti mwana n'kukwera bwinobwino. Bwemba ndi msuku, ngati zilipo kale, tisazidule. Pansi tibzalepo kapinga, amene amapirira kupondedwa ndi kuchepetsa fumbi, koma tizimutchetcha kawirikawiri kuti njoka zisapeze pobisala.

Tibzale mvula ikakhazikika mu Disembala, ndipo mwana aliyense timupatse mbande yake yoti aziithirira m'chilimwe. Mwana sathyola mtengo umene wautungira madzi yekha.