MATUMBA A NSALU ZAKALE ZA KU JAPAN

Japan ndi dziko la zisumbu, kum'mawa kwa China. Kumpoto kwa cisumbu cace cacikulu ca Honshu kuli dera lochedwa Aomori, kumene cisanu cimakhala coopsa ndipo cipale cimakwirira minda miyezi ingapo. Thonje silimera m'dziko lozizira cotero. Cifukwa cace alimi akale a kumeneko anali kuomba zobvala zao ndi luzi la mbeu yochedwa asa. Nsalu ya luzi ndi yolimba, koma mphepo imapyola monga ipyola pa mpanda wa bango.

M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 kufikira 1868, zombo zamalonda zocokera ku Osaka zinali kupita kumpoto zitasenza katundu wamitundumitundu, ndipo pakati pa katunduyo panali mitolo ya nsanza za thonje. Cimene anthu a kumwera anacitaya, anthu a kumpoto anacigula ndi mtima wonse. Mai anali kucapa nsanzazo, naziika pa malo ong'ambika a cobvala, nasokerera. Cigamba cikatha, anaikapo cina pamwamba pace. Motero cobvala cimodzi cinatha kubvalidwa ndi gogo, ndi mwana wace, ndi mdzukulu yemwe, kufikira nsalu yoyamba ija siinaonekenso pakati pa zigamba. Nsalu zotere azicha boro, ndiko kunena nsanza. Zambiri ndi zakuda mobiriwira monga biriwita, pakuti anazinyika mu utoto wocokera ku masamba a citsamba cochedwa ai.

Kasokedwe kace kali ndi dzina lacelace, sashiko. Wosoka alowetsa singano yaitali, naiturutsa, nailowetsanso kangapo asanakoke ulusi, ndipo nsalu imakwinyika pa singanopo. Singanoyo aikankha ndi kacitsulo kobvala m'tsinde mwa cala capakati. Akatha mzere umodzi ayamba wina pafupi pomwepo, mpaka nsalu ziwiri kapena zitatu zigwirana ndi kusanduka imodzi yocindikala ndi yofunda. Ulusi woyera pa nsalu yakuda uoneka ngati mpunga wotayika m'mizere.

Dziko litalemera, nkhondo ya 1939 mpaka 1945 itapita, anthu anacita manyazi ndi zigamba zao, popeza zinali kuwakumbutsa umphawi. Ambiri anazitentha kapena kuzitaya. Koma munthu wina wa ku Aomori, Tanaka Chuzaburo, amene anabadwa mu 1933 namwalira mu 2013, anayenda m'midzi zaka zambiri kusonkhanitsa zobvala zakalezo. Kuyambira 2009 kufikira 2019 zina mwa izo zinaonetsedwa m'nyumba yochedwa Amuse Museum mu mzinda wa Tokyo. Lero nsanza zomwe zija zigulidwa ndi ndalama zambiri m'maiko akutali. Eni ace akadauka, akadadabwa ndithu.

Masiku ano ku Japan ndi ku maiko ena kuli aphunzitsi amene amasonkhanitsa anthu owerengeka pa thebulo limodzi, tsiku limodzi kapena awiri, kuwaphunzitsa kusoka matumba ndi nsalu zakale. Kawirikawiri nsaluzo zicokera ku mkanjo wa Ajapani wochedwa kimono. Mkanjo umenewu ausoka ndi mpukutu umodzi wa nsalu, wa masentimita ngati 36 m'mimba mwace ndi mamita ngati 12 m'litali, ndipo audula m'zidutswa 8 zoongoka. Tsono munthu akamasula misoko yace apeza nsalu zazitali zangodya zinai, zoyenera kusokera cinthu cina.

Phunziro siliyamba ndi singano ai. Poyamba wophunzira akweza nsalu yace kuloza ku zenera, kuti kuwala kuonetse malo amene njenjete zinadya ndi amene ulusi unatha. Kenaka aikoka pang'ono ndi manja awiri. Ikalira ngati ifuna kung'ambika, ndiye kuti siingathe kunyamula katundu payokha, ndipo afunika kuika nsalu yina yolimba kumbuyo kwace ndi kuzigwirizanitsa ndi mizere ya sashiko. Nsalu ya thonje aicapa payokha m'madzi ozizira isanasokedwe, cifukwa utoto wa ai umacucuka ndi kudetsa nsalu zinzace.

Apa mpamene pali nkhani yobvuta. Nsalu izi zinaombedwa ndi kunyikidwa ndi manja a anthu amene anapita kale, ndipo imene yadulidwa siibwereranso. Wophunzira wa changu, ataona mkanjo wokongola, dzanja lace lithamangira ku lumo. Mphunzitsi wanzeru amletsa. Mkanjo umene ukali wamphumphu uyenera kusungidwa kapena kubvalidwa. Wa thumba ndi uja wothimbirira ndi wobooka, umene palibe angaubvalenso. Ngakhale pa wotere, ayamba wayesa kawiri ndi kulemba ndi coko, pamenepo ndipo adula. Tizidutswa totsala satitaya, pakuti Ajapani ali ndi mau akuti mottainai, amene amanena pomva cisoni kuti cinthu cokhoza kugwira nchito caonongeka cabe.

Thumba losabvuta koposa ndilo azuma bukuro. Lifuna nsalu imodzi imene litali lace liposa mimba yace katatu, monga masentimita 30 kwa 90. Wosoka ayamba wapinda m'mphepete monse kuti ulusi usasosoke. Atatero ayala nsaluyo, mbali yokongola ili pamwamba, naigawa m'zigawo zitatu zofanana. Apinda cigawo ca kumanzere pamwamba pa capakati, nasoka m'mphepete mwa kumtunda mokha. Acikankhira pambali, napinda ca kumanja pamwamba pa capakati comweco, nasoka m'mphepete mwa kunsi mokha. Misoko ndi iwiri basi. Akalitembenuza, thumba laoneka, lokhala ndi nsonga ziwiri pamwamba zimene azimanga mfundo kuti zikhale cogwirira.

Amene manja ao azolowera asoka komebukuro, ndilo thumba la mpunga. Limeneli alilumikiza ndi tizigamba tambiri ta maonekedwe osiyana, ndipo pakamwa pace apitirizapo cingwe cokoka. Kale anthu anali kuthiramo mpunga ndi kupita nao ku kacisi monga copereka pa masiku a cikondwerero, ndipo cifukwa ca ici anali kusankha tizidutswa tokongola koposa timene anali nato m'nyumba.

Pa nchito yotere singano zimapindika, zina nkuthyoka. Osoka ambiri a ku Japan saziponya kudzala. Azisunga m'kabokosi kufikira tsiku la mwambo wochedwa Hari-kuyo, umene ku Tokyo ucitika pa 8 February ndipo ku madera ena pa 8 December. Tsiku limenelo saigwira nchito yosoka. Apita nazo singanozo ku kacisi, nazibaya pa tofu, cakudya cofewa copangidwa ndi nyemba za soya, kuti singano zimene zinapyola nsalu zolimba caka conse zipumule pofewa.