Nehemiya, Mtsogoleri Wosenza Katundu Pamodzi ndi Anthu Ake

Lero tikamba za utsogoleri. Ena mwa inu munasankhidwa kukhala amonita a kalasi, ena muyang'anira timu ya mpira, ena mutsogolera nyimbo ku chalichi. Udindo wotere, ngakhale uoneke waung'ono, ukhoza kuthandiza anzanu kapena kuwapweteka. Kuti tione cimene Mulungu afuna kwa munthu woikidwa patsogolo, tiyeni titsegule Baibulo pa buku la Nehemiya.

Nehemiya anali Myuda wokhala ku Susani, m'dziko la Perisiya, ndipo nchito yake inali yoperekera cikho kwa mfumu Aritasasta. Kunyumba ya mfumu sanali kusowa kanthu. Koma pafupifupi zaka 445 Kristu asanabadwe, mbale wake Hanani anafika ndi mbiri yakuti linga la Yerusalemu linali logumuka, ndi zipata zake zotenthedwa. Nehemiya analira, nasala kudya, napemphera. Patapita miyezi inai anapempha mfumu kuti imlole apite akamange mudzi wa makolo ake. Taonani khalidwe loyamba la mtsogoleri: tsoka la anthu ake aliyesa lake, cinkana iye mwini ali pabwino.

Atafika ku Yerusalemu sanafulumire kulamula. Anakhala masiku atatu, ndipo usiku ananyamuka ndi anthu owerengeka kukaona ndi maso ake mmene linga linapasukira. Pamenepo ndi pamene anaitana akulu, nagawa nchito. Ansembe, osula golide, amalonda, ngakhale ana aakazi a Salumu, onse analandira cigawo cao, ndipo ambiri anamanga pandunji pa nyumba zao. Akulu athu amati mutu umodzi susenza denga. Mtsogoleri wanzeru ayamba waona, ndipo apatsa yense pogwira.

Adani sanasowe. Sanibalati ndi Tobiya anaseka omangawo, Tobiya nati ngakhale nkhandwe itakwerapo ikhoza kugwetsa lingalo. Poona kuti citonzo calephera, anapangana zowathira nkhondo. Nehemiya anapemphera, naikanso alonda usana ndi usiku. Theka la anyamata ake linagwira nchito, theka lina linagwira mikondo, ndipo iye mwini anali kugona osavula zovala zake. Kanai konse adani anamuitana kuti akakumane nao ku cigwa ca Ono, koma anakana kusiya nchito. Pemphero ndi khama zinayendera limodzi.

Koma yeso lalikulu linabuka pakati pa Ayuda okhaokha. Kunali njala, ndipo msonkho wa mfumu unali wolemera. Osauka anapereka minda ndi nyumba zao cikole kuti apeze tirigu, ena nagulitsa ana ao ukapolo kwa abale ao olemera. Nehemiya akadatha kukhala cete, pakuti olemerawo ndiwo anali ndi mphamvu m'mudzi. Iye anawadzudzula pamsonkhano wa anthu onse, nawalumbiritsa kuti abweze minda ndi kuleka katapira.

N'cifukwa ciani anamumvera? Cifukwa manja ake anali oyera. Zaka 12 zimene anali kazembe wa dziko la Yuda sanalandire cakudya cimene kazembe anayenera kusonkhetsa kwa anthu, ngakhale akazembe oyamba aja anali kutero. Sanadzigulire minda, ndipo anthu 150 anali kudya pagome pake. Wosadya za anzake ndiye akhoza kudzudzula wakudya za anzake. Motero linga linatha m'masiku 52.

Patapita zaka mazana anai ndi mphambu, Ambuye Yesu anaonetsa khalidwe lomweli kotheratu. Pa Yohane mutu 13 tiwerenga kuti usiku womwe anaperekedwa anatenga madzi ndi nsalu, nasambitsa mapazi a ophunzira ake, nchito imene inali ya kapolo. Anawauza kuti iwonso azicitirana comweco.

Tsono inu monita, funso lili kwa inu. Pamene anzanu asesa bwalo, kodi mugwira tsache kapena mungoimirira ndi kamtengo m'manja? Polemba maina a ocita phokoso, kodi mulemba wamng'ono ndi kusiya bwenzi lanu? Kodi mulandira cimanga cokazinga kuti mufafanize dzina? Wocita izi pa sukulu adzacitanso akadzapatsidwa ofesi, ndipo anthu ambiri adzalira.

Inu aphunzitsi, phunziro likatha werengani ndi ana mutu 5 wa Nehemiya. Agaweni m'magulu acite sewero: ena akhale osauka, ena olemera, mmodzi Nehemiya. Pambuyo pake amonita anene okha nchito imodzi imene adzagwira pamodzi ndi anzao sabata ino. Kumbukiraninso kuti mtsogoleri woyamba amene ana amuona tsiku ndi tsiku ndinu.

Tsalani bwino.