Madzi akafika pati tisawoloke ndi galimoto?

Mvula ikakhazikika mu Januwale mpaka Malichi, ulendo wa kumsika suyendera wotchi kuno kunyanja. Bua ndi Dwangwa zimatsika ndi madzi a kumtunda, ndipo timitsinje touma ta pamsewu wa ku Makanjira timatha kudzaza ngakhale kwathu kusanagwe dontho. Galimoto imaima m'mphepete, kumbuyo kuli madengu a usipa ndi chambo cha pa ayezi, maso onse ali pa dalaivala. Tiwoloke kapena tidikire?

Tiyambe ndi madzi odekha, ongoima pamsewu. Galimoto zing'onozing'ono ngati Sienta ndi Probox, zomwe ambirife timakwera, madzi asapitirire pakati pa tayala. Akayamba kunyambita m'munsi mwa chitseko, basi, tibwerere. Hilux yamakono opanga ake amati ingathe madzi a masentimita 70, koma akunena za pansi polimba ndi liwiro la kamba. Sakunena za pikapu yokalamba imene yakhala pansi ndi matumba a mpunga.

Madzi oyenda ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pomwe anthu amathera. Othamanga a masentimita 15, ongopitirira pang'ono m'kakolo, amagwetsa munthu wamkulu. A masentimita 30 amanyamula galimoto yaing'ono. Akafika 60, kupitirira bondo, amakokolola ngakhale pikapu. Asodzife izi siziyenera kutidabwitsa. Galimoto yotseka zitseko ndi bwato ndithu: madzi akalowa pansi pake amaipepula, matayala amasiya kugwira nthaka, chiwongolero ndi mabuleki zimasanduka zokongoletsa. Kungoti bwatoli lilibe nkhafi. Paja lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ndi tani yathunthu. Matani amenewo ndiwo amakankha m'nthiti mwa galimoto osapumira.

Nanga injini imafa bwanji? Imapuma mpweya kudzera m'paipi yomwe pa galimoto zambiri zazing'ono ili kutsogolo, pafupi ndi bampala kapena nyali. Tikalowa mothamanga timadzutsa funde, fundelo n'kulowa m'paipi muja. Mpweya umapanikizika, madzi sapanikizika. Pisitoni ikakumana nawo, ndodo yake imapindika kapena kuthyoka, ndipo injini ya dizilo ndiyo imavulala kwambiri chifukwa imapanikiza mwamphamvu. Ndiye zija timakuwa kuti "ipondeni adalaivala, tidutse msanga!" n'zopha galimoto. Mtengo wa madengu angati a usipa ungagule injini ina? Komatu wokuwayo mawa akwera galimoto ina, mwini wake ali pa garaja.

China n'chakuti madzi a matope amabisa pansi. Namondwe Freddy mu 2023 anationetsa misewu yodyeka kunsi, pamwamba phula likuoneka labwinobwino. Loleyo yadutsa, inde, koma ndi yaitali, ndi yolemera, ndipo mwina yangokumba dzenje lomwe ife tikagweremo. Ngati madzi ndi odekha ndiponso osafika m'mabondo, wina atsogole wapansi ndi ndodo, kufufuza maenje ndi malire a msewu. Munthu akalephera kuima bwinobwino, galimoto isayerekeze. M'mitsinje ya ng'ona ngati Bua musatume mwana wa munthu, ndipo usiku ayi ndithu. Madzi a timitsinje ta m'mapiri sachedwa kuphwa. Zikani kamtengo m'mphepete, muziona ngati akutsika.

Tikatsimikiza kuti n'zotheka, galimoto zilowe imodziimodzi, pa giya yoyamba, pang'onopang'ono koma osaima ndi osasintha giya, mawindo ali otsitsa. Tikatuluka tiponde mabuleki mopepuka kangapo tikuyenda kuti aume, chifukwa onyowa sagwira.

Ikazima pakati pa madzi, musailizenso. Kuliza kachiwiri ndiko kumamaliza injini. Madzi akamakwera, masulani malamba, tulukirani pawindo, ana atsogole, nsomba zitsale. Galimoto ikakokedwa, makaniko aone kaye sefa ya mpweya ndi oyilo asanakhudze kiyi. Sefa ikakhala yonyowa, kapena oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi analowa, ndipo ayenera kuchotsedwa ndi kuthira oyilo wina injini isanalizidwe.