Tiyi wa nthambi amakolola zambiri, koma chibadwa chake n'chimodzi

Thyolo: Tiyi yemwe amalimidwa ku Nchilamwela ndi madera ena a boma la Thyolo ali m'magulu awiri: wofesedwa kuchokera ku njere, ndi wobzalidwa kuchokera ku timitengo todula pa nthambi.

Duwa la tiyi silibereka bwino ndi mungu wa mtengo womwewo. Limadalira mungu wochokera ku mtengo wina. Choncho mtengo uliwonse wa njere uli ndi chibadwa chakechake. Wina umapirira chilala, wina umafota msanga.

Bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likulu lake lili ku Mimosa m'boma la Mulanje, lakhala likusankha mitengo yabwino koposa n'kuichulukitsa kudzera m'nthambi. Mitundu monga SFS 150 ndi PC 108 inafalikira motero. Zokolola zimachuluka ndipo masamba amafanana, zomwe fakitale imakondwera nazo.

Komatu munda wotere kwenikweni ndi mtengo umodzi wobwerezedwa kambirimbiri. Matenda omwe angagonjetse umodzi angathe kugonjetsa yonse. Ku Sri Lanka, chiwawu chomwe chinabuka mu 1869 chinasakaza khofi wa chibadwa chofanana, mpaka alimi anatembenukira ku tiyi.

N'chifukwa chake kuzula tiyi yense wakale n'kusaganiza bwino. Minda ya njere, ngakhale imakolola zochepa, ndiyo nkhokwe yomwe ofufuza amatapamo makolo a mitundu yatsopano yopirira chilala ndi tizilombo.