Momwe ndege zimaimira pamzere zisanatere ku Heathrow

Bwalo la ndege la Heathrow, ku London, lili ndi misewu iwiri yokha, koma limaloledwa maulendo 480,000 onyamuka ndi otera pa chaka. Nthawi zambiri msewu umodzi ndi wa zonyamuka, winawo wa zotera. Ndege zikafika zambiri nthawi imodzi, zina ziyenera kudikira.

Komatu ndege siyingaime phee mumlengalenga ngati ngolo pachigayo. Imazungulira. Pafupi ndi London pali malo anayi odikirira: Bovingdon, Lambourne, Ockham ndi Biggin Hill. Kumeneko ndege zimazungulira mosanjikizana, ina pamwamba pa inzake ndi mpata wa mamita pafupifupi 300. Yapansi ikaitanidwa, zotsalazo zimatsikako pang'ono. Mphindi iliyonse ya kuzunguliraku ndi mafuta opsa pachabe.

Gwero lina la vutoli ndi mwambo woti wofika msanga ndiye amatera msanga. Woyendetsa aliyense amathamanga kuti akapeze malo kutsogolo, nawononga mafuta panjira, kenako nakadikira limodzi ndi anzake amene anathamanganso. Mpikisano wotere supindulitsa aliyense.

Mu 2014 bungwe la NATS, lomwe limawongolera ndege mumlengalenga wa Britain, linayamba kugwirizana ndi anzawo a m'maiko oyandikana nawo monga France ndi Ireland. Akaona kuti mzere ukutalika, amatumiza uthenga kuti ndege zichepetse liwiro zikadali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 650. Ndege ikamauluka pamwamba kwambiri imamwa mafuta ochepa kusiyana ndi pamene ikuzungulira pansi, choncho kuchedwa komweko kumatsika mtengo. Apa mpamene makampani a ndege amafunika: anene zoona za nthawi imene ndege yawo ifike, ndipo oyendetsa avomere kubweza liwiro pokhulupirira kuti wina sawalanda malo.

Kasanjidwe ka mzerewo nakonso nkofunika. Ndege yaikulu, monga Airbus A380, imasiya kamvuluvulu kumbuyo kwake, ndipo yaing'ono ikailondola pafupi ikhoza kugwedezeka moopsa. Nchifukwa chake owongolera amayesetsa kuika zazikulu motsatizana kuti mipata isachuluke. Kuyambira 2015, ku Heathrow mipatayi amaiyeza ndi nthawi m'malo mwa mtunda. Mphepo yamphamvu ikamawomba kuchokera kutsogolo, ndege zimayenda pang'onopang'ono komanso kamvuluvuluyo amabalalika msanga, ndiye amatha kuziyandikitsa popanda ngozi.